M'khwapa mwa a Kalaliki

Agogo a Kalaliki tinawaika ndi tayi. Amayi analimbana nalo khosi loumalo mpaka mfundo inakhala pakati penipeni, ati ikapendekeka malume awowo akhoza kutsegula maso m'bokosi n'kuwafunsa ngati kusukulu ankapitira phala. Jekete anawaveka yakuda ija, yonyezimira m'zigongono. Dzuwa linali la kumapeto kwa chilimwe, anthu thukuta lili kamukamu kumanda kuja, koma mwini maliro ali phee mu suti ngati akudikira minibasi ya ku Lilongwe.

Amene anawerenga mbiri ya malemu anali mkulu wa mpingo mnzawo. Anati tataya munthu wofatsa, wokonda dziko lake, wokonda ana. Pa wokonda ana paja ndinatsamwa ndi malovu anga omwe, amayi n'kunditsina pantchafu. Kumanda anthu amanena zoti mzimu usakwiye. Ine ndati ndilembe zinazo, zimene aliyense amene anali pamaliropo akuzidziwa koma anazisiya kunyumba.

Anali mlongo wawo wa agogo anga aakazi, a Nabanda, ndiye kuti malume a amayi, mwinimbumba wa tonsefe. Dzina la ubatizo linali Yesaya, koma kuchokera kwathu kuno ku Nachisaka mpaka kuseri kwa mapiri a Ntchisi palibe ankalitchula. Anali a Kalaliki basi. M'masiku a chipani chimodzi mwamuna aliyense akakula ankayenera kukhoma msonkho, ndipo wotolera wake kuno anali iwowa: njinga, kabudula wa kaki, kumbuyo amesenjala ndi chingwe. Ntchitoyo inatha amayi akadali kamtsikana, koma zikuoneka kuti iwo palibe anawafotokozera bwinobwino kuti yatha.

Jekete sankavula, ngakhale popita kukaona fodya m'chigafa. Cholembera chofiira chinkakhala m'thumba la pamtima. Ukawapatsa moni ankayamba kukuyang'ana kumapazi, maso n'kumakwera pang'onopang'ono ngati munthu wogula mbuzi. Aliyense kwa iwo anali iwe, kupatula abusa ndi boma. Kutchalitchi ndiwo ankayendetsa mbale ya chopereka, ndipo mbaleyo sinkachoka pamphuno pako mpaka ataona chimene watulutsa m'chikhatho. Masana onse ankakhala pakhonde lawo, pampando wa ndalema woyang'ana kumsewu, kuweruza odutsa.

Nkhani imene ankaikonda kuposa zonse inali ya m'khwapa. Nthawi imeneyo, ati, anthu analibe makalata obadwira, ndiye mnyamata aliyense akagwidwa ankalira kuti akadali mwana. Iwo sankatsutsana naye. Ankangomuuza kuti avule malaya akweze manja, kenako n'kusuzumira m'khwapa ndi nsonga ya cholembera. Mukapezeka tsitsi, wakula, akhome. Ankafotokoza zimenezi monyada ngati sayansi imene anaitulukira okha. Ankati pakamwa pamanama, mayi wa mwana amanama, ngakhale abusa akhoza kusokoneza chaka cha ubatizo, koma m'khwapa simunama.

Pa Mponela pali mkulu wina wootcha kanyenya, a Filipo. Iwowo anagwidwa pamsika akadali kamnyamata, pamaso pa atsikana ogulitsa zitumbuwa. A Kalaliki anasakasaka m'khwapa mwawo mpaka anapeza katsitsi kamodzi, n'kukakoka ndi zala kuti anthu onse aone, basi chingwe m'chiuno. Kuyambira tsiku limenelo a Filipo dzina lawo ndi Kamodzi. Anakwatira ali Kamodzi, imvi zamera ali Kamodzi, ana awo kusukulu ndi ana a Kamodzi.

Nanenso sanandisiye. Ndili Fomu 1, atsikana a kwaya anabwera kwathu kudzayeserera nyimbo za Khirisimasi, ine ndikudutsa ndi ndowa. Anandiitana, n'kundikweza mkono pamaso pa kwaya yonse, n'kulengeza kuti kanthu aka mawu okha ndiwo akulu, m'khwapa muli ngati dzira losenda. Teremu yonse ndinali Dzira. Dzina langa loti Limbani sanalitchulepo. Ndinali iwe kanthu iwe.

Atapuma ntchito anamanga tinyumba ta lendi pa Mponela. Anzawo a nyumba amabisala a misonkho akamadutsa, koma iwo anakadzilembetsa okha. Tsiku lokapereka mapepala a msonkho linali Khirisimasi yawo. Ankadzuka kukadali chisisira, nsapato zopolisha, envulopu yakaki kukhwapa, ulendo wa ku ofesi ya misonkho ku tauni. Pobwera ankakhala ndi pepala lodinda, ndipo Lamulungu lake ankalionetsa pabwalo la tchalitchi kwa aliyense amene sanathawe msanga. Ankati chimerereni ndevu sanachedwepo msonkho ngakhale ndi tsiku, ndipo munthu wochedwa msonkho ndi mbava imene ikusowa mphamvu zothyola nyumba. Ankatinso tsiku lachiweruzo ena adzanjenjemera, iwo adzangotulutsa malisiti. Ulemu wawo wonse unali pamenepo. Analibe mnzawo, ana awo a ku Joni sankaimba foni, koma anali munthu wosachedwa msonkho.

Ndiye chaka chatha anabwerako envulopu ili yosadinda. Kamtsikana ka pa ofesi paja kanawauza kuti mapepala anasiya kulandira, masiku ano aliyense amalemba msonkho wake pa kompyuta, apeze mdzukulu awathandize. Chimene chinawapweteka kwambiri n'choti kanawatchula agogo, osati bwana. Anakhala masiku akutukwana boma la ana. Anapita kwa aphunzitsi a pa pulayimale, amene anawanenapo pamsonkhano wa makolo kuti amalemba ngati nkhuku, ndipo aphunzitsiwo anati laputopu yawo ikudwala. Masiku anali kutha. M'mawa wa tsiku lomaliza tinangoona jekete yaima pakhomo pathu, mwini wake ndodo ili m'manja.

"Kanthu kaja kali kuti?" anafunsa amayi.

"Kanthu kake kati, malume? Mbuzi zapita kudambo."

"Kamwana kako kaja. Akuti kamadziwa makina. Kavale nsapato."

Tinakwera minibasi ya ku Mponela, iwo kutsogolo ine kumbuyo pamatumba a mtedza. Ndinawatengera ku shopu ya Madalitso, mnzanga wojambula fotokope ndi kutayipa makalata, moyang'anizana ndi chiwaya cha a Filipo.

"Takulandirani, agogo," anatero Madalitso.

"Sindine agogo ako. Makinawo ali kuti?"

Ndinatsegula pulogalamu ya msonkho ija. Itafunsa nambala yawo ya msonkho anaimirira, manja m'mbali, n'kuitchula pamtima ngati nyimbo ya fuko. Kenako inatumiza manambala achinsinsi ku kafoni kawo ka mabatani. Pamene ankapeza magalasi, kuwapukuta ndi mpango, kuwakhazika pamphuno, n'kuyamba kuwerenga mokweza ngati lemba la m'mawa, nthawi ya manambalawo inali itatha. Tinabwereza. Inathanso. Nditati andipatse foniyo ndiwerenge ndine, anati chinsinsi cha boma sichigwiridwa ndi ana. Pomaliza anandipatsa, koma ataigwira mbali ina.

Netiweki inayamba zake, kanthu kaja kakungozungulira pa sikirini.

"Akuchita chiyani?"

"Akuganiza, agogo."

"Kalaliki wa boma saganiza. Amadinda."

Kunena zoona, pa za lendi sanabise kalikonse. Anatchula nyumba iliyonse, ngakhale kachipinda ka kuseri kamene amagonamo mnyamata wometa. Madalitso atanong'ona kuti ena amachotserako pang'ono, boma silingadziwe, anamenya tebulo mpaka sitepula inadumpha, n'kufunsa kompyuta ija mwaulemu, akuitchula bwana, ngati yamva zimene mnyamatayu wanena.

Panatsala kabokosi kamodzi koti tichonge, kuvomereza kuti zonse talembazo n'zoona, kenako batani lotumizira. Ntchito ya kuphethira kumodzi. Ndinakweza maso, ndipo pakhomo paja ndinaona a Filipo akutembenuza nyama pachiwaya, utsi uli tolotolo. Sindinakonzekere ayi. Nzeru zinangotsika zokha ngati mvula ya chizimalupsa.

"Agogo, pavuta."

"Chavuta n'chiyani?"

"Akuti sangalandire asanatsimikize kuti wokhoma msonkhoyu ndi munthu wamkulu. Ana ambiri akumaseweretsa makinawa."

"Imvizi sakuziona?"

"Akuti imvi ena amachita kudzola phulusa."

Kenako anafunsa okha, ndi pakamwa pawo, kuti nanga akufuna aone pati. Ine ndinangoloza kadiso ka kamera pamwamba pa sikirini, n'kudzigwira m'khwapa.

Anthu inu, nkhope ija inawala. Chibadwire sindinaionepo ikuwala choncho.

"Eya! Ndiye kuti m'boma mukadali anthu anzeru." Anatembenukira kwa Madalitso. "Wamva iwe? Njira imeneyi tinaiyamba ndife. Lero yalowa m'makina."

Madalitso anagwada kuseri kwa fotokope ngati akufuna pepala, kolala ya malaya ali nayo kumano.

Anavula jekete n'kundipatsa, ati ndigwire bwino isakhudze pansi. Magalasi anaika m'thumba lake. Anamasula tayi, malaya, kenako vesiti yobooka ngati sefa. Munthu amene mudzi wonse unkamuopa anali kanthu kochepa zedi mkati mwa suti muja. Nthiti zili ngati mitengo ya chigafa fodya atapita kumsika, khungu likulendewera m'mikono. Anaima njo kutsogolo kwa kompyuta, chibwano m'mwamba, n'kukweza manja onse awiri.

"Akuti yandikirani."

Anayandikira.

"Akuti kwezani zambiri."

Anakweza mpaka mapewa analira.

"Akuti muno muli mdima, tembenukirani kowala."

Anatembenukira kukhomo, kumsewu waukulu, masana dzuwa likuswa mtengo tsiku la msika. Oyamba kuima anali a kabaza. Kenako amayi a tomato, ana a sukulu odikira fotokope, kondakitala wina mpaka anasiya minibasi yake ikuitana yokha. Palibe ankaseka, anthu anali asanamvetse chimene akuona. A Kalaliki ankangoyang'ana pamwamba pa mitu yawo, monyada, ngati munthu amene akugwira ntchito ya boma.

Gulu lija linapatuka, a Filipo n'kulowa, epuloni ili noninoni mafuta, kamtengo kosomekera nyama kali m'manja. Sanafunse munthu. Anayang'ana manja ali m'mwambawo, anayang'ana ine, ndipo anamvetsa zonse. Anayandikira pang'onopang'ono, anawerama ngati dokotala, n'kusuzumira m'khwapa la kumanja ndi nsonga ya kamtengo kaja. Anazungulira, n'kuonanso la kumanzere. Ukalamba unali utasesa zonse.

"Mulibe," anatero. Anatembenukira kugulu. "Abale anga, mulibe ngakhale kamodzi. Uyu ndi mwana. Mtayeni azipita kwa amake."

Mponela inaphulika. Mayi wina anakhala pansi pa tomato wake yemwe. Wa kabaza wina anagwa ndi njinga, foni ili m'mwamba akujambulabe. A Filipo okha ndiwo sanaseke. Anapukuta kamtengo kaja pa epuloni n'kubwerera kuchiwaya, nyama ingapserere.

Manja aja anakhalabe m'mwamba kanthawi, ngati aiwalika. A Kalaliki anayang'ana sikirini, koma popanda magalasi sankaona kanthu. Anayang'ana ine. Kenako anatsitsa. Anavala vesiti, malaya, batani lililonse pamalo pake, tayi anamanga popanda galasi mfundo n'kukhala pakati. Ine n'kuti nditayeza kale mtunda wa pakati pa ndodo yawo ndi khomo. Koma sanagwire ndodo. Anayang'ana wotchi ya pakhoma. M'mutu mwawo makina a boma amaweruka nthawi imodzi ndi ofesi, ndipo dzuwa linali litayamba kupendeka. Anakoka mpando n'kukhala pambali panga.

"Limbani," anatero. "Mwana wanga. Malizitsa. Chonde."

Ndinayendetsayendetsa kambewa ka kompyuta patebulo.

"Mwati bwanji, agogo? Kuli phokoso."

Anabwereza, mokweza, anthu onse a pakhomo aja akumva. Chonde wa a Kalaliki, amene ngakhale popemphera ankamveka ngati akupereka malangizo. Ndinachonga kabokosi kaja, n'kudina batani. Madalitso anasindikiza pepala losonyeza kuti msonkho walandiridwa. Analitembenuza uku ndi uku.

"Chidindo chili kuti?"

"Masiku ano kulibe chidindo, agogo."

Analipinda, anandilanda jekete n'kuivala, n'kutuluka. Gulu linawapatukira, ena atakweza manja. Anakwera minibasi okha osandiyang'ana. Ine ndinabwerera madzulo pa kabaza amene anandilipirira a Filipo, mimba ili ndi nyama ya mbuzi yosagula.

Lamulungu lisanafike kanema uja anali atafika m'foni iliyonse kuyambira ku Chisepo mpaka ku Ntchisi. Ana akawaona pamsewu ankaima m'mbali n'kukweza manja. Akuluakulu ankachita mochenjera, kunamizira kudziwongola. Pepala lija sanalionetse pabwalo la tchalitchi. Mbale ya chopereka anaipereka kwa mkulu wina, ati mikono ikuwawa. Pa Mponela sanapondeponso, lendi ankatuma amayi. Amayiwo anandikwapula ndi mthiko, koma mthikowo unkagwedezeka chifukwa mwini wake ankalephera kugwira phwete.

Amene anasangalala kuposa onse ndi a Nabanda, mlongo wawo. Anauonera kanemayo mpaka batire inatha, misozi ili chuchuchu, kenako anandiphera nkhuku. Awiriwa nyumba zawo zinali zoyang'anizana koma sankalankhulana chibadwire changa. Zonse zinkadutsa mwa ife ana: kawauze a boma kuti mbuzi yawo ikudya chinangwa changa. Chifukwa chake n'chakuti chaka china cha njala, amuna awo a Nabanda atalephera msonkho, a Kalaliki anawathamangitsa ndi amesenjala, mlamu wawo weniweni, mpaka anathawira kumapiri a Ntchisi. Anagona m'phanga dzinja lonse. Anatsikako ndi chifuwa chimene sichinawasiye mpaka chinawatenga. A Kalaliki pamaliropo ananena kuti lamulo lilibe mlamu.

Chaka chino nyengo ya msonkho itayandikira, amayi anapita kukawauza kuti Limbani akuthandizaninso, ndipo ulendo uno ndipita nanu ndekha ndi mthiko. Anangopukusa mutu. Aphunzitsi aja, laputopu itachira, anadzipereka okha. Anakana, ati makina aja anawaona kale. Tsiku lomaliza anadzuka m'mamawa, anapolisha nsapato, anavala suti, n'kukhala pa ndalema paja envulopu ili pamaondo, kuyang'ana kumsewu. Maminibasi ankaima, kuliza hutala, n'kupita. Chakudya chinabwerera chosakhudza. Ine ndinadutsapo kangapo konse, pafupi ndithu, mwina angaitane. Ankandiona. Milomo inkagwedezeka, koma chonde uja sanatulukenso. Dzuwa litalowa ananyamuka n'kutseka chitseko.

M'mawa mwake anatuluka ndi vesiti yokha. Anakhala pampando paja manja ali pamaondo. Ndi tsiku limenelo a Nabanda anadutsa bwalo koyamba, ndi ndodo yawo, pang'onopang'ono, ife tonse tikuonerera. Tinkati mwina magazi aitana. Anaima pansi pa khonde.

"Achimwene, ndamva kuti mwachedwa msonkho."

A Kalaliki anangoyang'ana kumsewu.

"Thawirani kuphiri. Phanga lija likadalipo."

Anatembenuka n'kubwerera kwawo. Amenewo ndiwo mawu okha amene ndinamvapo awiriwa akulankhulana. Mvula yoyamba isanagwe a Kalaliki anapezeka atauma pampando pomwepo. Achipatala anati ndi mtima.

Anthu amandifunsa ngati sindimva chisoni. Ndimamva ndithu, ndikakumbuka kuti tsiku lija foni yanga inalibe moto, moti kanema amene dziko lonse likuonera anajambula wa kabaza, ndipo anajambula mopendekeka.

Pakhonde paja pano palibe mpando, anautenga mwana wawo wa ku Joni pamodzi ndi wailesi. Patsala timaenje tinayi m'dothi pamene miyendo yake inkaponda. Amayi azirapo kawiri konse koma timaonekabe, ndipo masana pamagona mbuzi ya a Nabanda, palibe woithamangitsa. Pamzati pali msomali, ndipo pamsomalipo pakulendewera kafoni ka mabatani kaja, poti ndi malo okhawo panyumbapo pamene netiweki imagwira. Ana amakatchaja kuti azisewera gemu ya njoka. Makina a msonkho sakudziwa kuti munthu anapita. Amangotumiza uthenga, mwaulemu ndithu, kukumbutsa a Yesaya kuti achedwa ndipo chindapusa chikukula. Amayi akuti ndikalowe m'makinamo ndikawauze kuti mwini wake anamwalira, asiye kutukwana maliro. Kulowamo kumafuna pasiwedi. Pasiwediyo ndinaipanga ndine, ndipo ndimawauza kuti ndinaiwala.

Dzulo masana ndikudutsa kanaliranso, n'kumanjenjemera pamsomali paja. Mbuzi inadzutsa mutu, inayang'ana, n'kupitiriza kubzikula.